Chiswe Chilemekezeke

Munthu akakhoma yekha wodilopu kunyumba, omuyamikira sasowa. Mayi akunyumba amati yakongola, ana amabisalamo, alamu amagogoda chitseko n'kugwedeza mutu ngati za matabwa amazidziwa. Onsewa ndi okometsa m'kamwa chabe. Woyendera ntchito weniweni amafika mochedwa, kudzera pamng'alu wa simenti kuseri kwa wodilopuyo, ndipo dzina lake ndi chiswe.

Chiswe sichilandira chiphuphu. Wogulitsa matabwa akhoza kulumbira pali malemu agogo ake kuti thabwa ili ndi mlombwa. Inu n'kulipira mtengo wa mlombwa, kulipala ndi pulena, kulikwecha ndi sandipepa, kulipaka vanishi mpaka kumadzionerapo nkhope. Chiswe vanishi chilibe naye ntchito, icho chimalawa. Ukakhala mlombwa weniweni chimabwerera mwaulemu n'kukafuna kwina. Akakhala paini wa ku Chikangawa amene anangomudaya kuti afiire, chimamemeza mtundu wonse kuti kwagwa phwando. Ndi kalipentala uti anakuuzaniko zoona chonchi, komanso kwaulere?

Ulemu wake ndiye wosowa. Inu pokhoma munasowetsa anansi mtendere ndi sowo ndi hamala, koma icho chimagwira ntchito usana ndi usiku popanda kudzutsa khanda. Msewu wake chimamanga chokha ndi dothi, wofolera bwino, osapempha thumba la simenti kwa aliyense. Chimadya zam'kati, khungu lowala la kunja n'kulisiya kuti mwini nyumba asachite manyazi alendo akabwera. Mudzazindikira tsiku limene mudzadina thabwa ndi chala, chalacho n'kulowa mpaka m'mfundo, dothi n'kukhuthukira pansapato za kutchalitchi.

Maphunziro nawo chimawalemekeza. Setifiketi ya MSCE ija munaisunga mu envelopu pansi pa zovala, imene mabwana akhala akuibweza osaiyang'ana n'komwe, chiswe chimaiwerenga yonse, kuyambira dzina mpaka chidindo.

Ena amati n'chowononga. Tiyeni tifunse mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Matabwa ake chiswe chimawalambalala, komabe lero mtengowu watsala pang'ono kutheratu. Nanga ndi chiswe chinkakwera phiri chitanyamula sowo? Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yapsa kangati? Palibe anaonapo chiswe chitagwira machesi.

Ndiponso chimadziwa kubweza. Mvula yoyamba ikagwa, chulu chimatulutsa ngumbi, ife n'kuthamangirako ndi mabeseni. Tikazikazinga n'kuwazako kamchere, amene wodilopu yake inadyedwa amakhala akudya yakeyake, nsima n'kutsetsereka. Dothi loumbira njerwa timakumba pachulu pomwepo, bowa timazulanso pomwepo. Osayiwala akalipentala, amene ana awo amalipiriridwa fizi chifukwa cha maoda obwerezabwereza.

Amene mulibe mtima woyamika, njira yopirikitsira mlendoyu mukuidziwa: kupaka matabwa Solignum kapena oyilo wakuda wa galimoto musanakhome, kuika miyendo kuti wodilopu isagone pansi, kusiya mpata pakhoma, kumata ming'alu ndi kumasesa kuseri kwake. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Koma inu amene mumakonda chilungamo, gulani paini wotchipa uja, kankhirani wodilopuyo kukhoma lachinyezi, muiiwale. Woyendera ntchito afika yekha, ndipo ya thiransipoti sakufunsani.