Kalata Yochokera ku Joni: Mnyamatayo Asaiwale Jekete

Amalume,

 Mtchona wanu ali bwino, chimfine chokha. Wamva kuti mng'ono wake wagulitsa kale mbuzi ndipo sakuchoka pa Wenela, kufunsa mtengo wa basi. Musamuletse, paja mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha. Koma mumukhazike pansi amve izi.

Mmalawi akafika pa Beitbridge amamudindira masiku 30 m'pasipoti, ndipo chidindocho n'cha mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Anyamata ambiri amawerenga masikuwo ngati zaka. Chiyambire 2014, wopyoza masiku amamuletsa kulowanso: akapyoza pang'ono ndi chaka chathunthu, akapyoza ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. Wogwidwa alibe mapepala amakagona ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Mukaona munthu watulukira kumudzi ndi kajumbo kamodzi, n'kumati anangokusowani abale, musamufunse zambiri. Mupatseni madzi osamba.

Njira ndi ya Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi, Nyamapanda mpaka Harare. Pa Tete adzatuluka thukuta n'kuyamba kutukwana jekete. Asayerekeze kuisiya! Johannesburg ili pamalo okwera kuposa Dedza, ndipo mu June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Akazizidwa asagone ndi mbaula m'kanyumba kotseka, utsi wa makala watenga anthu ali m'tulo.

Tsono nkhani ya minibasi, imene kuno amati takisi. Kondakitala kulibe, woitanira panjira kulibe. Wopita m'tauni amaloza chala m'mwamba, wotsika pafupi amaloza pansi, ndipo wongokupiza dzanja ngati ali pa Limbe adzaima mpaka dzuwa kulowa. Akakwera apereke moni, koma mpando wakutsogolo authawe. Wokhala pamenepo ndiye msungichuma wa ulendo. Ndalama zimachokera kumbuyo, mzere ndi mzere, aliyense akutchula zake m'Chizulu, ndipo iye aziwerenge, abweze chenji, dalaivala akumuyang'ana cham'mbali. Mnyamata wina wakwathu konko, woti masamu anawasiyira ku Sitandade 5, anapezeka wafumbata ndalama za anthu 15, R2 itasowa. Takisi inaima pambali pa msewu, injini n'kuzima. Amayi akumbuyo anayamba kumulalatira, iye n'kumangoti "pepani" m'Chichewa, mpaka anatulutsa yake ya m'thumba.

Ntchito iliko, koma imakonda wa luso m'manja: telala, wowotcherera, mmisiri womanga, woyala matailosi. Wopanda luso amayamba ndi maganyu a m'munda wa maluwa. Mu 2025 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola, ngakhale kwa wantchito wa m'nyumba, ndipo wodyeredwa masuku pamutu angathe kukadandaula ku bungwe lomva madandaulo a pantchito la CCMA. Koma amene masiku anamuthera amaopa ngakhale mlonda wa pageti, ndiye mabwana ena amapezerapo mwayi.

Mng'onoyo ali ndi matenda osintha malandi kukhala makwacha pamtima, n'kudziona atagula kale malata. Achotseretu lendi, takisi, magetsi ndi ufa, aone chotsala. Za zithunzi za pa Facebook, mtchona wanu wapempha kuti izi zithere m'banja: galimoto zimene anyamata amatsamira zija n'za mabwana, ndipo amajambulitsa akangomaliza kuzitsuka.

Kangachepe akapeza atumize pa Mukuru kapena Mama Money, osati kupatsira transipota amene foni yake imazima akangowoloka Limpopo. Ndipo ndalama ya basi yobwerera aisunge padera, asaikhudze ngakhale kutagwa maliro a mnzake wa mnzake. Apa palibe nthabwala: mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo mu 2015 Amalawi ambiri anachoka ku Durban pa mabasi otumizidwa ndi boma la Malawi.

Pobwera anyamule usipa ndi mpunga wa Kilombero. Njinga imene munalonjezedwa ija, amalume, ikubwera pa Khirisimasi. Ya chaka chiti, tidzakambirana pafoni.

Ndine mphwanu,
Mtchona wa ku Joni