Mmene Mungatayire Ndalama pa Monita Yodula

Munthu akhoza kulipira madola 1,599 pa monita, n'kuifikitsa kunyumba ilibe ndi kachikanda komwe, koma n'kumagwiritsa ntchito gawo chabe la zimene analipira. Palibe amene wamubera, ndipo monitayo ndi yabwinobwino. Iye wangotsata njira yomwe ndaiyala m'munsimu. Chitsanzo chathu ndi Studio Display imene kampani ya Apple inatulutsa mu 2022: sikirini ya mainchesi 27, timadontho 5120 m'litali ndi 2880 m'lifupi, kamera, masipika 6 ndi mamaikolofoni atatu. Ndi chipangizo chopangidwa mwaluso, ndipo n'chifukwa chake kuchigula molakwika kumapweteka kwambiri.

1. Sankhani ndi maso okha

Kaioneni itayatsidwa, italumikizidwa ku Mac, zilembo zikuoneka ngati zosindikizidwa m'buku. Mtima ukangokopeka, lipirani. Musauze wogulitsa kuti kompyuta yanu ndi ya Windows, ndipo musamufunse ngati zonse mukuzionazo zidzagwiranso ntchito kwanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo zolakwika zonse zotsatirazi zimayambira pa funso losafunsidwali.

2. Musasuzumire kumbuyo kwake

Kumbuyo kwa Studio Display kuli timabowo tinayi tooneka tofanana, tonse ta mtundu wa USB-C. Kamodzi kokha, komwe kali ndi chizindikiro cha mphezi, ndi ka Thunderbolt 3, ndipo ndi kokhako kamene kamalandira chithunzi kuchokera ku kompyuta. Titatu tinato ndi tobayirapo zinthu monga fulashi. Bowo la HDMI palibe, la DisplayPort palibenso. Makompyuta ambiri a patebulo a Windows amatulutsa chithunzi kudzera m'mabowo awiri omwewa, amene monitayi ilibe.

Laputopu yanunso musaifufuze. Mukaona kuti ili ndi bowo la USB-C, khutirani. Zoona zake n'zakuti pa malaputopu ena bowo limeneli limangonyamula mafayilo kapena kutchaja, silitulutsa chithunzi. Limene limatulutsa ndi lokhalo lomwe buku la laputopuyo likuti ndi Thunderbolt, USB4 kapena DisplayPort Alt Mode. Bukulo musaliwerenge, ndipo mudzadziwira pamene sikirini yakhala bii.

3. Tolani chingwe chilichonse cholowa

Zingwe za USB-C zimafanana mitu, koma m'kati n'zosiyana kwambiri. Zingwe zambiri zotchajira foni zimanyamula mamegabiti 480 pa sekondi ndipo sizidutsitsa chithunzi. Cha Thunderbolt 3 chimafika magigabiti 40 pa sekondi. Tengani chotchajiracho, chibayeni, ndipo zikakanika thamangirani kumsika kukagula chingwe cha HDMI mbali ina ndi USB-C mbali inayo. Zingwe zambiri zoterezi zimayenda njira imodzi yokha, kuchokera ku kompyuta ya USB-C kupita ku monita ya HDMI, pomwe inu mukufuna zosemphana ndi zimenezo. Mukamatero mudzadzaza kabati ndi zingwe, monita ikadali chete.

4. Yembekezerani kuti Windows ichita zonse

Tinene kuti mwachita mwayi, laputopu yanu ili ndi Thunderbolt ndipo chithunzi chatuluka. Masipika akulira, kamera ikujambula. Apa ndiye poyenera kukhulupirira kuti mwapambana.

Dikirani usiku. Monitayi imatha kuwala mpaka manitsi 600, ndipo m'chipinda cha mdima maso sachedwa kulema. Mudzadina batani lochepetsa kuwala pa kiyibodi: sikirini ya laputopu idzazilala, monita yaikuluyo ili ngwee ngati kale. Mudzapapasa m'mphepete mwake, pansi, kumbuyo, kufunafuna batani. Palibe ngakhale limodzi, ngakhale lozimitsira. Apple inaipanga kuti izilamulidwa ndi macOS, ndipo wa Windows ayenera kusakasaka pa intaneti timapulogalamu tapadera kuti angochepetsa kuwala.

Zina zimene munalipira zimatsalira komweko. Center Stage, yomwe imachititsa kamera kukutsatirani mukasuntha pa msonkhano wa pa vidiyo, siigwira ntchito pa Windows. True Tone, yomwe imasintha mtundu wa kuwala molingana ndi chipinda, nayo ayi. M'kati mwa monitayi muli chipu cha A13 Bionic, chomwe chilinso mu iPhone 11, ndipo chili ndi pulogalamu yakeyake yofuna kuikonzanso nthawi ndi nthawi. Mu 2022 momwemo ogula atadandaula kuti kamera ikujambula mosaoneka bwino, Apple inatulutsa pulogalamu yokonza vutolo, koma yolowa kudzera pa Mac basi. Choncho onetsetsani kuti mulibe Mac, ndiponso mulibe mnzanu woti angakubwerekeni.

5. Ngati muli ndi Mac, lakwitsani mbali inayo

Mwini Mac nayenso ali ndi njira zake. Yoyamba ndi kugula monita ya mainchesi 27 ya timadontho 2560 ndi 1440 chifukwa choti imaoneka bwino pa Windows ya mnzake. Monita yotere ili ndi timadontho pafupifupi 109 pa inchi iliyonse, pomwe Studio Display ili ndi 218. Kuyambira pa macOS Mojave ya mu 2018, Apple inasiya njira yakale yosalazira zilembo pa masikirini otsika chonchi, ndiye zilembo zimaoneka zambuu kwa munthu wozolowera sikirini ya MacBook.

Yachiwiri ndi kugulira MacBook Air ya chipu cha M1, ya mu 2020, mamonita awiri. Payokha imayendetsa monita imodzi yokha yakunja. Yachitatu ndi kulumikiza mamonita awiri motsatizana pa DisplayPort, njira yotchedwa MST. Windows imapatsa monita iliyonse chithunzi chake, pomwe macOS imangoonetsa chimodzimodzi pa onse awiri.

6. Wa Linux asafunse anzake

Pa Linux chithunzi chimatha kutuluka bwino, koma zilembo pa sikirini ya 5K zimachepa kwambiri mpaka mutazikulitsa. Mukaika pambali pake monita wamba, dongosolo lakale la X11 limavutika kukulitsa sikirini iliyonse payokha, pomwe Wayland imachita bwinoko. Kuti mulakwitse mokwanira, gulani musanadziwe kuti kompyuta yanu ikuyendera iti mwa ziwirizi.

7. Itanitsani kunja, tayani katoni ndi lisiti

Ku Malawi kulibe sitolo ya Apple yeniyeni, ndiye katundu wotere amabwera ndi amalonda kapena achibale ochokera ku Johannesburg, Dubai, London kapena ku America. Musanene mtundu wa pulagi yomwe mukufuna. Chingwe cha magetsi cha Studio Display sanachipange choti mwini azichizula n'kusintha, ndiye ikachokera ku America idzafika ndi pulagi yosalowa m'masoketi athu a mano atatu a mtundu wa ku Britain, ndipo chipangizo chodula chonchi chidzalendewera pa adaputa ya pamsika. Mwendo wake musauganizirenso. Wamba umangopendeka, sukwera kapena kutsika. Wokwera ndi kutsika unkafuna madola 400 owonjezera, ndipo umasankhidwa pogula. Pomaliza tayani katoni ndi lisiti tsiku lomwelo, kuti mukazindikira kuti monita siikugwirizana ndi kompyuta yanu, pasakhale njira yoibwezera.

Mfundo zonsezi zili ndi muzu umodzi: kuganiza kuti mtengo wokwera ndi umboni woti chinthu chigwira ntchito paliponse. Studio Display ndi monita yabwino kwambiri kwa munthu wa Mac. Kwa wa Windows kapena Linux, ndalama yomweyo ikhoza kugula monita yokhala ndi HDMI, DisplayPort ndi mabatani ake, n'kutsalanso chenje. Ndalama zoterezi anthu amazisunga miyezi yambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuziona zikuthera pa zinthu zomwe sizidzayaka n'komwe.

Ndiye musanalipire, lembani dzina ndi nambala ya kompyuta yanu, dziwani ngati ikuyendera Windows, macOS kapena Linux, werengani zomwe bowo lililonse limachita, ndipo funsani kuti ndi zinthu ziti za monitayo zomwe sizigwira ntchito pa kompyuta yanuyo. Ngati n'kotheka, nyamulani laputopu yanu kupita nayo kwa wogulitsa, ibayeni pomwepo, muyese kuwala, kamera ndi masipika. Wogulitsa akakana kuti muyese, sungani ndalama zanu.