Pusi pa Kiyibodi

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chomwe sanatiuze n'choti pusiyo atadzuka n'kusasa fumbi analowera kuti. Ine ndikukhulupirira kuti anakagula laputopu, ndipo masiku ano akulemba mapulogalamu.

Amadziwika ndi ntchito zake. Mpatseni kantchito kochepa: fayilo ya manambala a foni a mamembala a banki m'khonde. Mlembi wa gulu ena anawayamba ndi 0, ena ndi 265, ena ndi +265, ena ali ndi mipata ngati mano a agogo. Chofunika n'kasefa koti nambala iliyonse ituluke itavala mofanana ndi inzake. M'chinenero cha Python ndi timizere tochepa: tenga mzere ku stdin, khomo lolowera, chotsa mipata, konza kumayambiriro, lemba ku stdout, khomo lotulukira, tenganso wina mpaka ithe. Nthambi imodzi, chipatso chimodzi, mimba mbee.

Koma kakangogwira ntchito, maso a pusi amayamba kumwazika. Bwanji kaziyamba ndi moni, kazilemba "Takulandirani" pamwamba? Chakoma. Kazifunsa kaye kuti "Mukutsimikiza?" Chakoma. Kazisanja manambala, kazichotsa obwereza, kaziwerenga kuti a TNM ndi angati, a Airtel ndi angati, ndipo poti tafika kale pano, kazitumizanso uthenga kwa onse amene sanabweze ngongole. Dzina la fayilo analikhomera m'kati mwenimweni mwa pulogalamu, manambala_final2.txt, yomwe ili pa kompyuta yake yokha padziko lonse.

Kugwa kumabwera tsiku limene mnzake wabwereka kasefako. Mnzakeyo amakalumikiza ndi mapulogalamu ena pogwiritsa ntchito paipi, kamzere koimirira kaja ka |, kamene kamatenga zotuluka m'pulogalamu ina n'kuzithira m'kamwa mwa inzake. Pulogalamu yotsatira siidziwa ulemu: imalandira "Takulandirani" n'kumulemba ngati membala woyamba wa gulu. Funso lija la "Mukutsimikiza?" nalo limayembekeza yankho ku stdin, koma ku stdin kulibe munthu, kuli manambala. Ndiye limameza nambala yoyamba ngati yankho, n'kuona kuti si "inde", pulogalamu n'kutseka mwaulemu wonse. Msana pansi, miyendo m'mwamba.

Paipi imeneyi si ya dzulo. Doug McIlroy wa ku Bell Labs analemba kale mu 1964 kuti mapulogalamu azilumikizana ngati mapaipi othirira m'dimba, ndipo mu 1973 Ken Thompson anaiyika mu Unix. Kuyambira pamenepo sefa ili ndi mwambo wake, ndipo ndi waufupi. Zolowa imalandira ku stdin, kapena m'mafayilo amene mwaitchulira. Zotuluka zimapita ku stdout, zokhazokhazo, popanda moni kapena kutsanzika. Madandaulo ali ndi khomo lawo, stderr, kuti mzere wovunda ukapezeka uzinenedwa pa sikirini osadetsa zimene zikuyenda m'paipi. Ikamaliza bwino imabweza 0 n'kukhala chete. Anthu ambiri chete ameneyu amawapweteka. Wagwira ntchito usiku wonse, pulogalamu osanena ngakhale zikomo?

Nanga kusanja ndi kuchotsa obwereza? Alipo kale eni ake a ntchitozo, sort ndi uniq, ndipo akhala akuzigwira kuyambira pusi asanabadwe. Kungoti uniq ndi wamaso afupi, amangoona obwereza ogundizana, n'chifukwa chake sort amayenera kutsogola.

Nkhani imene anthu a Unix satopa kuifotokoza ndi ya mu 1986. Jon Bentley, amene ankalemba danga la Programming Pearls m'magazini ya Communications of the ACM, anapempha Donald Knuth kuti alembe pulogalamu yopeza mawu amene akupezeka kwambiri m'nkhani. Knuth analemba masamba angapo a Pascal, okongola, ofotokozedwa bwino. McIlroy atapemphedwa kuti aiunike, anaiyamikira, kenaka n'kugwira ntchito yomweyo ndi malamulo 6 olumikizidwa ndi paipi: tr, tr, sort, uniq, sort, sed. Tisamunamizire Knuth, iye sanali pusi. Anapemphedwa kuonetsa kalembedwe kake katsopano, ndipo anaonetsadi. Koma mawa wina akafuna kuwerenga manambala m'malo mwa mawu, kwa McIlroy asintha kachidutswa kamodzi, pomwe kwa Knuth ayambe wawiritsa tiyi.

Pali dyera lina losaonekera msanga: kumeza fayilo yonse m'memore musanatulutse kanthu. Pa manambala a banki m'khonde palibe vuto. Tsiku lomwe adzakathire fayilo ya magigabayiti, kompyuta idzangoti zii. Sefa yoleredwa bwino imatenga mzere, kutulutsa, kutenganso. Imadziwanso kuti wolandira akhoza kukhuta: head, woonetsa mizere yoyambirira yokha, akatenga mizere yake 10 amatseka paipi n'kumapita, ndipo Python, ngati simunamuchenjeze, amalira BrokenPipeError pamaso pa alendo.

Ndisabise, mwambiwu uli ndi pothawira. Mu 1987 Larry Wall anayang'ana sed, anayang'ana awk, anayang'ana shell, nati zonsezi zakoma, n'kuzikumbatira pamodzi m'chinenero cha Perl. Sanagwe. Mpaka lero perl -ne amalemba sefa yathunthu pamzere umodzi, kungoti mwezi ukatha ngakhale mwini wake sathanso kuuwerenga. Ndipo m'banja la Unix momwemo apusi analipo. Mu 1983 Rob Pike anadandaula pagulu kuti cat, amene ntchito yake inali kungolumikiza mafayilo, anthu a ku Berkeley amusenzetsa zina, monga -v woonetsa zilembo zobisika. Dandaulo linamveka, anthu anagwedeza mitu, -v alipobe.

Tsegulani malangizo a ls wa GNU muone. Pulogalamu yongotchula mayina a mafayilo yatenga pafupifupi afabeti yonse kukhala ma option, ndipo pa zilembo zazing'ono zotsala simungadzaze dzanja limodzi. Chimodzi mwa izo ndi j. Musamuuze pusi.