Chipatso Chikudzaza Tauni: Ndithandizeni Nzeru

Abale anga a kuno ku Joni, ndili ndi mafunso, ndipo odziwa andiyankhe. Kodi kachipatso kofiira, kochepa ngati nthudza, kangachotse bwanji anthu mu mzinda wa Johannesburg n'kuwayendetsa maola anayi kupita kumalire a dziko la Lesotho?

Ndikunena za matcheri a ku Ficksburg, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Free State, yomwe ili m'munsi mwa phiri la Imperani. Chaka chilichonse mu Novembala kumeneko kumakhala chikondwerero cha matcheri, chimene chinayamba mu 1968. Ndinapita ndi anzanga, kudzera ku Bethlehem ndi Fouriesburg, ndipo ndinabwerako mutu uli wodzaza.

Choyamba ndi malo ogona. Mahotela ndi ochepa, choncho alendo ambiri amagona m'nyumba za anthu zomwe amati B&B. Mayi mwini nyumba anatilandira pakhomo, natipatsa kiyi wa chipinda, ndipo m'mawa anatikazingira mazira, kutipatsa buledi, tiyi ndi jamu wa matcheri wophika okha. Pochoka tinalipira. Apa ndi pamene ndinazunguzika. Kwathu mlendo timamupatsa madzi osamba, kumuphera nkhuku, kumuyalira mphasa, koma za ndalama sititchula. Ndiye ine ndinali ndani m'nyumba imeneyi, mlendo kapena kasitomala? Ngati ndinali kasitomala, n'chifukwa chiyani mayiwo anakhala nafe patebulo n'kufunsa za ana athu? Ngati ndinali mlendo, risiti inali ya chiyani? Kapena n'zotheka kulandira ndalama mtima wochereza osachoka?

Ndinafunsa kuti, "Amayi, bwanji mitengo ya matcheri sitikuiona ku Johannesburg kapena kwathu ku Malawi?" Anandiuza kuti mtengo wa matcheri umafuna chisanu choopsa cha mu Juni ndi Julayi, nthawi imene mapiri a Maloti amayera ndi chipale, kuti udzachite maluwa bwino. Zipatso zimapsa kwa milungu yochepa chabe, mu Okutobala ndi Novembala. Ndiye kuti anthuwa anaona kuti nyengo yawo ndi yaifupi, n'kuganiza zoitana dziko lonse kuti lidzadye nawo? Ndani anayamba kuganiza zimenezi?

Funso lina landikhala pamtima. Matcheri amathyola ndi manja, limodzilimodzi, pamodzi ndi kaphesi kake. Tsidya la mtsinje wa Caledon kuli tauni ya Maputsoe, ndipo Asotho ambiri amawoloka mlatho kudzagwira ntchito. Ndinaona alendo akukwera mathirakitala kukayendera minda, ena akuvina, ena akugula jamu. Nanga othyola aja amasangalala nawo nthawi yanji? Amene amachapa zofunda zomwe tinagonera, ndalama ya chikondwerero imawafika bwanji? Ndikufunsa chifukwa ambiri a ife kuno timagwira ntchito zomwezo, m'minda ya maluwa ndi m'makhitchini a eni ake.

Koma lalikulu ndi ili: nanga kwathu? Ku Mwanza manachesi amachuluka m'nyengo yozizira mpaka amayi kumathamangira basi iliyonse ya ku Zobue ndi mabeseni pamutu. Ku Mulanje kuli zinanazi zotsekemera. Ku Salima mango amawolera pansi pa mitengo mu Disembala. Kodi zipatso zathuzi n'zochepa ulemu kuposa matcheri? Bwanji timadikira ogula odutsa pamsewu m'malo mowaitana kuti adzagone kwathu, adye, aone minda, asiye ndalama m'mudzi?

Wina angati Amalawi sangalipire kuti agone m'nyumba ya munthu. Komatu ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli chikondwerero cha Tumaini chomwe chinayamba mu 2014, ndipo kumeneko alendo amagona m'nyumba za mabanja othawa nkhondo n'kulipira. Ngati zikutheka mu msasa wa anthu amene anataya zonse, chingalepheretse n'chiyani pa boma la Mwanza, pomwe anthu ali ndi nyumba zawo ndi mitengo yawo?

Ndiye ndiuzeni, ayambe ndani? Khonsolo, mafumu, alimi eni ake, kapena ife a ku Joni amene tamanga nyumba zamalata kumudzi zomwe zipinda zake zimangokhala zotseka chaka chonse? Ine changa chilipo chimodzi, ndipo ndine wokonzeka kuchitsegula.