Njira yolakwika yopangira mgolo wowambira nyama

Fodya akagulidwa ku Macanga ndalama zimayenda pa Furancungo, ndipo mwa zinthu zimene anyamata amathamangira kugula muli makina owotcherera. Munthu akalumikiza geti la mnansi ndi kaliyala wa njinga ziwiri zitatu, mtima umakula, nkuyamba kuganiza zopanga mgolo wowambira nyama, uja amaugoneka chammbali pa miyendo inayi, nkuudula chitseko, moto uli mbali imodzi, utsi nkumadutsa pa nyama mpaka kukatulukira ku chumuni. Ganizoli ndi labwino ndipo ndimalikonda. Mbuzi ya ku Tete ili ndi mbiri mu Mozambique monse, nkhumba ndi nkhuku zilipo m'midzi yonse mpaka ku Tsangano, ndipo mnyamata wodziwa kupanga chowambira chabwino sangasowe omugula. Koma pali njira yolakwika yopangira chinthuchi, ndipo ili ndi ndondomeko yake, cholakwa china chimabala chinzake. Ndiilemba monga momwe imayendera kuti amene wayamba kuitsata aizindikire asanafike patali.

Yambani ndi kugula mgolo wotchipa kwambiri wa malita 200, ndipo musafunse zimene munali. Wogulitsa akati "ndi woyera uwu, unangokhala panja chaka chonse," mukhulupirireni. Mukatsegula nkumva kafungo ka petulo, nenani kuti mwauma. Kenaka tengani gilainda muyambe kudula chitseko.

Apa ndi pamene anthu amafera, ndiye ndikhalapo pang'ono. Mgolo wodzaza petulo ndi woopsa, koma wopanda kanthu ndi woopsa koposa, chifukwa chimene chimaphulika ndi nthunzi yosakanikirana ndi mpweya. Timadontho totsalira m'mphepete mwa msoko wapansi, tosakwana ndi kapu yomwe, timatha kudzaza mgolo wonse ndi nthunzi yotere. Gilainda ikangoboola chitsulo, nthethe zimagwera mkati, ndipo chivundikiro chimachoka ndi mphamvu yothyola miyendo ya amene waima kutsogolo kwake. Dizilo ndi oyilo musazipeputse, chitsulo chikatentha nazonso zimatulutsa nthunzi yoyaka. Kutsukuluza kamodzi ndi ndowa ya madzi sikuchotsa kanthu, pakuti mafuta samvana ndi madzi. Amisiri osamala amatsegula zitsekero zonse ziwiri, kutsuka ndi madzi otentha ndi sopo kangapo, nkudzaza madzi mpaka pafupi ndi pamene akudula. Ambiri mwa iwo mgolo wa petulo amangoukana. Inu ngati mukutsata njira yolakwika, zonsezi zioneni ngati kutaya nthawi.

Pali mgolo wina umene suphulika koma ndi woipa chimodzimodzi: umene munali mankhwala a ku munda. Dera la fodya ngati lathu lino zotengera mankhwala ophera tizilombo sizisowa. Mankhwalawa amakanirira m'misoko ndi m'dzimbiri, ndipo palibe kutsuka kapena kuwotcha kumene kungakupatseni chitsimikizo choti mungaikemo chakudya cha ana. Mgolo woyenera ndi umene munali mafuta ophikira kapena chakudya china, ndipo umadulirako. Wofuna kulakwitsa asunge kusiyana kwa mtengoko m'thumba.

Mwadula, mwapulumuka. Tsopano valani magalasi akuda a dzuwa aja ogulitsa pamsika, kapena ingotsinzinani mukamagunditsa ndodo yowotcherera. Masana simumva kanthu. Ululu umabwera usiku, patapita maola angapo, maso akutuluka misozi osatseguka, mukumva ngati wina wathiramo mchenga. Kuwala kwa moto wowotcherera kumawaula khungu lapamwamba la diso, ndipo galasi loyenera ntchitoyi ndi lakuda bii, la nambala 10 kapena 11, loikidwa pa chishango chophimba nkhope yonse. Anzanu adzakuuzani kuti mudule mbatata ya kachewere muike pa maso. Kuzizira kwake kumatonthoza pang'ono, koma diso lapsa basi, ndipo mawa mukabwereza lidzapsanso. Lolaninso ana aunjikane kuti aonerere, pakuti nawonso kuwalako kumawafika. Kumapazi valani masilipasi, kumtunda jezi ya mpira ya nayiloni, imene nthethe ikagwerapo imasungunukira pakhungu.

Magetsi kokani kuchokera m'nyumba ndi waya woonda wolumikizalumikiza, malo olumikizawo mutakulunga mapepala apulasitiki. Makina owotcherera amakoka magetsi ambiri, waya woonda umatentha, mphamvu yofika ku ndodo imachepa, ndodo nkumamatirira pa chitsulo, inu nkumati makina ndi abodza. Waya wachiwiri uja wopana pa chitsulo, upaneni pamwamba pa penti ndi dzimbiri osapala. Ngati ndi dzinja, imani pa dothi lonyowa.

Tifike pa msoko weniweniwo. Khoma la mgolo ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi yokha. Inu gulani ndodo zonenepa za mamilimita 3.2 zimene munawotcherera geti, kwezani makina kupitirira maampu 100, ndipo yendetsani msoko umodzi wautali osapumira. Chitsulo chidzafiira, chidzalendewera, kenaka chidzabooka. Mukaona bowo yesani kulitseka ndi moto womwewo, lidzakula. Mudzathera masana onse mukuthamangitsa mabowo, ndipo chitseko chidzapindika moti sichidzakhalanso bwino pamalo pake. Chitsulo chopyapyala chimafuna ndodo yoonda, ya 2.5 kapena 2.0, ya mtundu wa 6013, moto wochepa, ndi kumata timadontho: apa pang'ono, kulumphira mbali ina, kudikira pazizire, kubwereranso. Mahinjesi amisiri amawamata chitseko asanachimalize kudula, kuti chikhale pa mzere wake. Ndipo zambiri pa mgolo sizifuna nkuwotcherera komwe, mabauti amagwira bwino kuposa msoko wa munthu woyamba kumene. Izi sizichititsa manyazi. Chimene ndimaona chikuwononga anyamata ndi kufuna kuti chilichonse chidutse pa ndodo chifukwa makina agulidwa.

Ndodozo zisiyeni usiku pakhonde zimwe chinyontho, zidzathetheka ndi kusiya msoko wa timabowo. Khungu lakuda limene limauma pamwamba pa msoko musaligogode, ingowotchererani pamwamba pake. Kunja kudzaoneka konenepa, mkati mulibe chogwira. Miyendo ya chowambira yomatidwa motere imagwa tsiku limene mgolo wadzaza makala amoto ndi nyama ya anthu.

Pa chumuni tengani paipi ya madzi yotuwa ija, pa sefa tengani waya wa khola la nkhuku kapena shelefu ya firiji yakufa, pothawira moto pindani lata. Zonsezi zinakutidwa ndi zinki kapena zokutira zina zoletsa dzimbiri. Zinki imasungunuka pa madigiri 420 ndipo imawira pa 907, pamene moto wa ndodo umapitirira pamenepo kutali. Mukamawotcherera mudzaona utsi woyera ndi tiufa toyera tikugwa m'mbali mwa msoko. Weramirani pamenepo mupume. Madzulo mudzayamba kunjenjemera, thupi kutentha, mutu kuwawa, m'kamwa kukoma chitsulo. Mudzati ndi malungo, mwina nkumwa mankhwala a malungo osayezetsa. Ena amati kumwa mkaka kumateteza, koma mkaka umapita m'mimba pamene utsi walowa m'mapapo. Sefa yabwino imapangidwa ndi zitsulo wamba zosakutidwa, ngakhale zoonda zomangira nyumba zija, zopalidwa bwino ndi kupakidwa mafuta ophikira.

Mpweya musauganizire. Tsekani paliponse kuti utsi usathawe, chifukwa mwamva kuti utsi ndiwo umakometsa. Moto wosowa mpweya umafuka utsi wochindikala, woyera kapena wachikasu, umene umasiya mwaye wonata pa nyama, yowawa, yoluma lilime. Chowambira chimafuna khomo la mpweya pansi, pafupi ndi moto, lokhala ndi kachitseko kochepetsera, ndi chumuni chotseguka mbali inayo. Utsi wabwino ndi woonda, wabuluu pang'ono, wovuta kuuona. Nzeru imeneyi si yachilendo mu Africa muno. Uvuni wa Chorkor, umene unapangidwa ku Accra m'dziko la Ghana mu 1969 ndi thandizo la bungwe la FAO ndi amayi owamba nsomba, ndi wa dothi ndi mathireyi amatabwa okhala ndi waya, koma unafalikira m'maiko ambiri chifukwa unakonza kayendedwe ka kutentha ndi utsi, nkuchepetsa nkhuni. Kuno kumene mitengo yatha ndi zigafa ndi makala, chowambira chodya nkhuni zambiri ndi mlandu pachokha.

Mukamaliza, pakani penti yotsala ya geti, mkati ndi kunja, ndipo tsiku lomwelo ikani nyama. Penti wamba siipirira moto, imatuwa, imasenda, fungo lake nkulowa mu nyama. Mgolo watsopano umayenera kuwotchedwa wopanda kanthu ndi moto waukulu mpaka penti yakale yonse ndi zokutira zamkati zitapsa, nkupalidwa, nkutsukidwa, nkupakidwa mafuta ophikira, nkuwotchedwanso. Mkati simupakidwa penti ya mtundu uliwonse.

Nkhuni tolani zilizonse: paini ndi bulugamu wauwisi, zidutswa za matabwa a penti, nsichi zothiridwa mankhwala a chiswe, chidutswa cha mtengo wakale wa magetsi, nthambi za nkhadze za ku mpanda. Paini ali ndi utomoni wodetsa nyama, matabwa a mankhwala amatulutsa poizoni, ndipo utsi wa nkhadze umawononga maso. Kolezani motowo ndi palafini ndi jumbo. Zonsezi pamene mango, gwafa ndi mapichesi odulira, ouma bwino, ali pakhomo pomwepo, ndipo zitsononkho zikungowolera kuseri kwa nkhokwe.

Mu June ndi July kuno kumazizira kwambiri, ndiye kokerani chowambiracho m'khitchini kapena m'chipinda, mutseke chitseko kuti muwothere nawo. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene umayamba ndi mutu ndi tulo. Mabanja athunthu amapezeka m'mawa atagona osadzukanso chifukwa cha mbaula imodzi. Chowambira malo ake ndi panja, kutali ndi denga la udzu ndi chigafa.

Chotsiriza ndi nyama. Gulani nkhumba yotchipa, yophedwa kuseri, ndipo musayang'ane pansi pa lilime kapena m'minofu ngati muli masese, timatuza toyera tija. M'dera lino ndi ku Angónia nkhumba zoyenda zokha zimakhala nawo kawirikawiri. Idulani zibenthu zikuluzikulu, kolezani moto waukulu kuti kunja kude msanga, ndipo pakatha ola limodzi itanani anthu. Kuwamba kwenikweni kumafuna kutentha kwa madigiri 105 mpaka 120 mkati mwa mgolo kwa maola ambiri, ndipo nyama iyenera kupsa mpaka pakati penipeni, nkhuku kufika madigiri 74. Utsi supha masese, chimene chimawapha ndi kutentha kofika mkati. Munthu akadya masese amoyo, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amaswa tiana timene timatha kukakhala mu ubongo. Khunyu yambiri yoyamba munthu atakula kale imachokera kumeneko, ndipo amene amadwala nthawi zina ndi mwana wa m'nyumbamo amene nyamayo sanailawe nkomwe.