Ulemu Upite kwa Gulu la WhatsApp la Kuntchito

Kale munthu akaweruka Lachisanu, abwana ankatsala pageti. Ankafika pakhomo, kusamba, kudya nsima yotentha, osamvanso za lipoti mpaka Lolemba. Umenewo unali umasiye weniweni, masiku awiri athunthu popanda womukumbuka.

Lero gulu la WhatsApp la kuntchito linathetsa umasiyewo, ndipo liyenera kuomberedwa m'manja. Limamuperekeza wantchito m'minibasi, kutchalitchi, kuchinkhoswe, ngakhale kumanda adzukulu akukwirira. Cha m'ma 10 koloko usiku, mwana atangogona kumene, foni imanjenjemera pamtsamiro: "Mwagona kale? Ndi kanthu kakang'ono chabe." Kanthu kakang'onoko ndi bajeti ya chaka chonse, yofunika m'mawa. Anzake khumi ayankha kale kuti "Zamveka bwana", ena ndi timanja topemphera. Ndi mbale uti amene amachezera munthu mokhulupirika chonchi?

Jan Koum ndi Brian Acton anayambitsa WhatsApp mu 2009, koma mphatso yaikulu kwa mabwana inadza mu 2014, Facebook itaigula: timizere tiwiri tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa. Mboni imeneyi siilandira chiphuphu. Bodza lokalamba loti "sindinauone" linaikidwa m'manda chaka chomwecho. Gululi ndi losamalanso chuma cha kampani, pajatu bandulo amagula ndi wantchito yemweyo.

Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limati maola ogwira ntchito pasabata asapitirire 48. Gulu sililimbana ndi lamuloli. Lilibe wotchi basi.

Kunja kuli anthu osayamika. Ku France, kuyambira pa 1 Januwale 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposerapo anayamba kukakamizidwa kukambirana ndi antchito awo za ufulu wozimitsa foni akaweruka. Portugal mu 2021 inaletsa mabwana kuvutitsa antchito nthawi yopuma, kupatula pakagwa zadzidzidzi, ndipo Australia inabwera ndi lamulo lake mu Ogasiti 2024. Anthu amenewa amadya chakudya chamadzulo mpaka kumaliza, popanda wowafunsa za fayilo. Kaya amasangalala bwanji.

Wotopa ndi chikondi chotere ali ndi khomo lotulukira. Kuyambira 2022, munthu angathe kuchoka m'gulu mwakachetechete, anzake osauzidwa. Amene amalandira uthenga ndi adimini yekha, ndipo adimini wa gululi ndi abwana.