Ulemu kwa a Oh My Zsh, Mpulumutsi wa Alesi Akhama

Dziko lino lili ndi tsankho. Limangotamanda okhawo amene amatsiriza ntchito. Womanga mlatho timamuombera m'manja, wolemba pulogalamu yothandiza kuchipatala timamupatsa mphoto. Nanga chida chimene chimathandiza munthu kukhala pakompyuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, thukuta lili kamukamu, osagwira ntchito ngakhale imodzi, koma n'kukagona mtima uli m'malo, ndani anachithokozapo? Mlandu umenewu wakhalitsa. Lero tiuweruze, tipereke ulemu kwa a Oh My Zsh.

Kwa amene simunalowepo m'bwalo limeneli, nkhani yake ili motere. Pakompyuta pali zenera lakuda lotchedwa terminal. M'menemo mulibe zithunzi, mulibe mabatani odina. Umalemba lamulo, n'kumenya Enter, kompyuta n'kuchita. Pulogalamu imene imamva malamulowo imatchedwa shell. Ya Stephen Bourne inatuluka ndi Unix mu 1979. Brian Fox analemba Bash mu 1989, ndipo mu 1990 Paul Falstad, ali wophunzira pa yunivesite ya Princeton, analemba zsh. Zonsezi zinali ndi chilema chimodzi chachikulu: zinkangogwira ntchito. Munthu ankatsegula zenera, n'kupeza kachizindikiro kamodzi, $ kapena %, kakumudikira. Ankalemba zimene wabwerera, n'kutseka, n'kupita kunyumba nthawi ikadalipo yocheza ndi ana. Taganizirani umphawi wa moyo woterowo.

Chipulumutso chinachokera ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, mu 2009. Robby Russell, wa kampani ya Planet Argon, anali atakonza zsh yake mmene ankafunira, ndipo anaika zokonzazo pa GitHub kuti anzake a kuntchito atengereko. Anzakewo atalandira mphatsoyo anachita zimene munthu aliyense wopatsidwa chaulere amachita: anadandaula mtundu. Uyu akufuna wobiriwira, uyo akufuna wachikasu. Apo ndi pamene ma theme anabadwira, kenako ma plugin anatsatira. Zokonza zimenezo ndiye a Oh My Zsh, ndipo lero mkuluyu amabwera ndi ma plugin oposa 300 ndi ma theme oposa 100, zonse zaulere. Apple itasankha zsh kukhala shell yoyambira mu macOS Catalina mu 2019, khamu la anthu amene sanapemphe n'komwe linangodzuka lili pakhomo pa tchalitchichi. Chinatsala n'kubatizidwa basi.

Ubwino woyamba wa a Oh My Zsh ndi woti amaphunzitsa chikhulupiriro. Akatswiri a makompyuta ndi anthu okayikira kwambiri. Ndi omwewa amene amakalipira azakhali awo chifukwa chodina uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza mphoto. Koma ikafika nthawi yoika mkuluyu, katswiri yemweyo amakopera mzere umodzi wa pa intaneti, woyamba ndi sh ndi curl, umene umadawuniloda malamulo olembedwa ndi anthu amene sanawaonepo n'kuwayendetsa nthawi yomweyo, iye asanawerengepo chilembo. Akamufunsa ngati akulola kuti shell yake isinthidwe, amavomera. Akamupempha password, amapereka ndi manja awiri. Abusa ambiri angakondwe kukhala ndi nkhosa zomvera chonchi. Ndipo taonani ulemu wa mlendoyu: akapeza fayilo yanu yakale ya .zshrc, yosungamo zokonza za zsh, saitaya. Amaisunga pambali ndi dzina loti .zshrc.pre-oh-my-zsh, dzina limene limagawa moyo wanu pawiri, nthawi ya umbuli ndi nthawi ya kuunika.

Ubwino wachiwiri ndi kukongola, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Mukangomaliza kuika, mumalandira theme yotchedwa robbyrussell. Ili ndi kamuvi kamene kamakhala kobiriwira lamulo lanu likayenda bwino, n'kufiira likalephera. Imakuuzani foda imene mulimo, nthambi imene mwaimapo mu git (chida chosungira mbiri ya ntchito yanu), ndipo imaika kamtanda kachikasu ngati pali zimene mwasintha koma simunazisunge. Munthu wopanda maloto angati zakwana. Koma a Oh My Zsh salera anthu opanda maloto. Pasanapite nthawi mumaona terminal ya mnzanu ili ndi mizere yamitundumitundu yosongoka kumapeto, ndipo mumamva kuti dzina lake ndi agnoster. Mumatsegula .zshrc, mumasintha mzere wa ZSH_THEME, mumatsegulanso zenera mtima uli dyokodyoko, n'kupeza timabokosi ndi zizindikiro za funso pamene panayenera kukhala mivi.

Osataya mtima, maphunziro ayamba kumene. Zizindikiro zimenezo sizipezeka mu font wamba. Pakufunika font ya Powerline kapena ya Nerd Fonts. Mumaidawuniloda, mumaiika, timabokosi tili pomwepo, chifukwa terminal nayo iyenera kuuzidwa kuti igwiritse ntchito font yatsopanoyo. Mumaiuza, zinthu zikongola. Kenako mumatsegula terminal ya mkati mwa VS Code, timabokosi tija tabwereranso, pakuti kumeneko kuli kokonzera kwakekwake. Pofika apa mwamva kale za Powerlevel10k ya Roman Perepelitsa, imene imakukhazikani pansi n'kuyamba kukufunsani mafunso: chizindikiro ichi chikuoneka ngati dayamondi? Nanga ichi chikuoneka ngati loko? Mukufuna mzere umodzi kapena iwiri? Wotchi ioneke? Ndi liti pamene munthu wina anakufunsani maganizo anu mwachidwi chotere? Abwana anu sanayambe atero. Ndipo kwa amene kusankha kumawadwalitsa mutu, mkuluyu anaika mankhwala: lembani random pa ZSH_THEME, ndipo zenera lililonse limene mutsegule lidzabwera ndi nkhope yatsopano.

Anthu ansanje amati zimenezi zili ngati mlimi amene amathera dzinja lonse akusema maluwa pampini wa khasu, udzu ukumera m'munda. Ine ndikuti, munauona mpiniwo? Chimanga aliyense ali nacho.

Ubwino wachitatu ndi kusamala nthawi. Plugin ya git yokha imabwera ndi zidule za malamulo zoposa 100. M'malo molemba git status mumangolemba gst. M'malo mwa git checkout, gco. M'malo mwa git push, gp. Tiyeni tiwerengere phindu lake ngati anthu a bizinesi. Lamulo la git status lili ndi malo khumi olemba, gst lili ndi atatu. Tinene mowolowa manja kuti mwapulumutsa masekondi awiri. Ngati munathera maola anayi mukukonza zonsezi, ndiye kuti munaika masekondi 14,400, ndipo muyenera kulemba gst maulendo 7,200 kuti mpamba ubwerere. Mukamalemba maulendo 20 patsiku, osapuma Lamlungu, osadwala, osapita kumaliro, ngongole idzatha m'masiku 360. Ndi bizinesi iti imene imabweza mpamba m'chaka chimodzi? Vuto laling'ono n'lakuti chakacho chisanathe mudzakhala mutagula kompyuta ina n'kuyambiranso, koma imeneyo ndi nkhani ya owerengera chuma.

Zidulezi zimanolanso ubongo. Munthu woganiza bwino angayembekezere kuti gl ndi git log, lamulo losalakwa longoonetsa mbiri ya ntchito. Ayi ndithu. Kwa a Oh My Zsh, gl ndi git pull, lamulo lokoka zonse zimene anzanu asintha n'kuzisakaniza ndi zanu. Wofuna kungosuzumira pazenera amapezeka watsegulira alendo chitseko. Safunsa anadya phula, ndipo wadya kamodzi saiwalanso.

Ubwino wachinayi ndi kuleza mtima. Mu .zshrc muli mzere umodzi wooneka wofatsa, wolembedwa plugins=(git). Mkati mwa mabulaketi amenewo muli malo, ndipo malo opanda kanthu amaitana. Mumaonjezera sudo, kuti mukamenya Esc kawiri iziika yokha mawu oti sudo kutsogolo kwa lamulo. Mumaonjezera z, imene imakumbukira mafoda amene mumapitako kawirikawiri. Mumakatenga kwina zsh-autosuggestions, imene imakunong'onezani ndi zilembo zotuwa zimene munalembapo kale, ndi zsh-syntax-highlighting, imene imafiiritsa lamulo lolakwika musanamenye Enter ndipo imafuna kukhala kumapeto kwa mndandanda. Pali ya docker, ya python, ya nvm. Pali ngakhale ya chucknorris, yokupatsani nthabwala za mkulu wa mafilimu a nkhonya uja. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kugwa kwake kumakhala kotere. Zenera limene kale linkatseguka m'kuphethira kwa diso tsopano limayamba laganiza kaye. Mumaliyang'ana, nalo likuyang'anani. Mukalowa mu foda ya ntchito yaikulu, Enter aliyense atha kudikira kuti git ayendere mafayilo onse, n'cholinga choti theme idziwe ngati iike kamtanda kachikasu kaja kapena ayi. Wina angati apa zinthu zaipa. Ine ndikuti apa ndi pamene nzeru za mkuluyu zimaonekera, pakuti wakupatsani ntchito yatsopano: kufufuza chimene chikuchedwetsa. Mumaphunzira za zprof, chida choyezera nthawi imene gawo lililonse likudya. Mumapeza kuti nvm ndi mmodzi wa akuba, ndipo mumathera usiku mukuphunzira kuichititsa kuti izidzuka pokhapokha yaitanidwa. Powerlevel10k inabweretsanso njira yotchedwa instant prompt, yoonetsa malo olembapo msangamsanga zina zonse zikuvalabe kuseri. Ndi sing'anga uti wina amene amabwera ndi matenda ndi mankhwala ake m'thumba limodzi?

Mkuluyu sakuiwalaninso. Pakatha masiku 13 aliwonse amafunsa mwaulemu ngati mukufuna kuti adzikonzenso ndi zatsopano. Funsoli lili ndi mphatso yodziwa nthawi. Silibwera muli phee mukumwa tiyi. Limabwera makasitomala akuimba foni, abwana ataima kumbuyo kwanu, inu mwatsegula terminal kuti muzimitse moto.

Ubwino wachisanu, umene ndimaulemekeza koposa, ndi kudzichepetsa. Tsiku limafika loti mulowe kudzera pa ssh mu seva ya kutali imene yadwala. Kumeneko kulibe mitundu, kulibe mivi, kulibe wonong'oneza. Kuli Bash wamaliseche ndi kachizindikiro ka $ kaja. Zala zanu zimathamanga zokha n'kulemba gst, ndipo seva imayankha kuti lamulo lotero silidziwika. Mumalemba madontho atatu kuti mubwerere mafoda awiri m'mbuyo, yankho ndi lomwelo. Katswiri wa zaka zambiri amapezeka akukanda m'mutu, kuyesa kukumbukira dzina lenileni la lamulo limene amagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Masukulu a ubusa amatenga zaka kuti aphwanye kudzikuza kwa munthu. A Oh My Zsh amangofuna seva imodzi ndi mnzanu mmodzi woonerera.

Otsutsa alipo, ndipo tiwamve. Amati zabwino zambiri zimene anthu amayamikira, monga kumalizitsa mawu ndi batani la Tab kapena kufufuza malamulo akale, ndi za zsh yeniyeniyo, ndipo munthu atha kuzidzutsa yekha ndi mizere yochepa. Akunena zoona. Amatinso mkuluyu amanyamula katundu wambiri amene mwini kompyuta sadzamugwiritsa ntchito. Apanso sakunama. Chimene sakuona n'chakuti zina mwa zimenezi zimathandizadi. Wophunzira amene ankaopa zenera lakuda amalimba mtima akaona lamulo lake likufiira asanalakwitse. Kuona dzina la nthambi pamaso kwapulumutsa ambiri amene akanatumiza ntchito kolakwika. Ndipo thandizo lenileni limeneli ndi limene limatchinjiriza zina zonsezo. Ulesi wopanda phindu lililonse umagwidwa msanga. Ulesi wosakaniza ndi phindu pang'ono palibe bwalo limene lingauweruze.

Apa ndiye pali ukulu wonse wa a Oh My Zsh. Wantchito amene wapezeka pa Facebook nthawi ya ntchito amaitanidwa ku ofesi. Wosewera bawo pafoni amalandira kalata yochenjeza. Koma amene akusintha mtundu wa kamuvi mu .zshrc, mukamuona chakumbuyo, sasiyana m'pang'ono pomwe ndi munthu amene akupulumutsa kampani. Zenera lakuda lomwelo, zilembo zothamanga zomwezo, nkhope yokwinya yomweyo. Abwana amadutsa monyang'ama kuti asamusokoneze. Chokoma koposa n'chakuti mwini wakeyo naye sadziwa kuti akuzemba. Alesi ena onse amadzimvera chisoni usiku. Uyu yekha amagona ngati munthu amene walima ndime yake.

Ngakhale potsanzikana mkuluyu sasunga mangawa. Mukalemba uninstall_oh_my_zsh amafunsa kamodzi ngati mwatsimikiza, n'kunyamuka, n'kukubwezerani fayilo yanu yakale ija. Sachonderera, chifukwa akudziwa kumene mukupita. Ena amathawira ku Prezto, imene inaphuka kuchokera kwa mkuluyu yemwe. Ena amapita ku Fish, ena ku Starship, ena amabwerera ku Bash n'kukapeza Oh My Bash ikuwadikira pakhomo. Olimba mtima amalumbira kuti alemba .zshrc yawoyawo kuyambira pachiyambi, yaifupi ndi yaukhondo, ndipo amathera mwezi akumanganso ndi manja awo zonse zimene anangogwetsa kumene, kenako n'kuziika pa GitHub kuti ena atengereko. Umu ndi mmene Robby Russell anayambira. Mphunzitsi amene ngakhale omugalukira amatsata mapazi ake, ameneyo ndiye mphunzitsi.

Choncho onse amene muli ndi pulogalamu yoti ikaperekedwe Lachisanu, imirirani tiombe m'manja. Mukakhala pansi musathamangire ntchitoyo. Yang'anitsitsani kaye dzina la foda pa terminal yanu. Buluu ameneyo ndi wakuda kwambiri, ndipo inunso mukudziwa.